Malikisi a masewero ku Sitandade 2: tiziyesa chiyani kwenikweni?

Nabanda: Aphunzitsi anzanga ndi makolo muli pagulu pano, mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 mbali ya ku Chibavi, ana 112 m'kalasi imodzi. Sabata yatha ahedi anati pofika kumapeto a teremu mwana aliyense akhale ndi malikisi a Expressive Arts, ndipo mbali ya masewero olimbitsa thupi ionekemo, osati zojambula ndi nyimbo zokha ngati momwe tinazolowerera. Ndiye Lachinayi ndinawatengera kubwalo, n'kuwandandalika khumikhumi, wenzulo pakamwa, athamange kuchoka pagolo kukafika pagolo linalo. Otsogola ndinkawapatsa 4, apakati 3 kapena 2, otsalira 1. Ndinabwerako ndikudziona ngati ndagwira ntchito. Lolemba kunafika mayi wina nkhope ili gwa, akuti mwana wawo akukana kubwera kusukulu chifukwa anzake akumutcha nkhono. Kamtsikanako n'kazaka 7, kochepa thupi, ndipo ine ndinakathamangitsa limodzi ndi anyamata azaka 10 obwereza kalasi. Ndinasowa choyankha. Kodi mwana wamng'ono timamuyesa bwanji pa zamasewero? Njira yake ilipo, kapena tonsefe tikungolemba manambala a m'mutu?

Achimwene a Luwinga: Madam, lembani 3 aliyense nkhani ithe. A MANEB sadzakufunsani. Pamayeso a Sitandade 8 Expressive imalowa m'pepala la Arts and Life Skills, mwana amayankha atakhala pansi, palibe amamuuza kuti tadumpha tione.

Nabanda: Zimenezo ndazichita zaka zambiri achimwene, sindikana. Koma mayi uja atandifunsa kuti 1 ameneyu akutanthauza chiyani pa mwana wanga, ndinachita manyazi.

Kochi wa ku Zolozolo: Ine sindikuona pomwe mwalakwa. Mpikisano ndi mpikisano, wina amatsogola wina amatsalira. Tikayamba kuopa misozi ya ana sitidzapeza othamanga. Temwa Chawinga wa ku Rumphi konkuno anakamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ku America mu 2024. Mukuganiza kuti liwiro limenelo analipeza pomusisita?

Amake Mapasa: A Kochi, inu mukufuna osewera 11. Madam ali ndi ana 112. Enawo 101 apite kuti?

Gogo Wopuma: Ana anga, ndiloleni ndiponyepo mawu. Ine ndayamba kuphunzitsa PE, masewero olimbitsa thupi, ili phunziro palokha pa timetable, ana akutuluka pamzere, mphunzitsi atavala nsapato zansalu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994 makalasi anasefukira, kutulutsa ana panja kunasanduka chintchito. Kenaka silabasi yatsopano ya pulayimale yotchedwa PCAR itayamba mu 2007, PE anaiphatikiza ndi nyimbo, zojambula, zosoka ndi zisudzo, n'kukhala Expressive Arts. Cholinga cha okonza silabasi a ku Domasi sichinali choipa, amafuna kuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, osati tsiku limodzi. Koma mphunzitsi ukamupatsa zinthu zisanu m'mbale imodzi amatola chofewa. Kuimbitsa nyimbo ana ali pansi n'kosavuta kusiyana ndi kuwatulutsa m'matope a Mzuzu. Ndaona ndi maso anga piriyodi ya masewero ikusanduka yosesa ndi kutola mapepala. Choncho a Nabanda musadzione olakwa kwambiri, inu mwina ndinu nokha pasukulu yanu amene munatuluka nawo.

NyaGondwe: Yewo agogo. A Nabanda, ine zamasewero ndi zomwe ndinaphunzira, ndiye ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Chimene munayesa Lachinayi ndi zotsatira: wafika ndani poyamba. Pa mwana wazaka 6 kapena 7 zotsatira zimakuuzani za msinkhu, kutalika kwa miyendo, ndi ngati wadya m'mawa. Za luso sizikuuzani kanthu. Chofunika kuona ndi kachitidwe, mmene thupi likuchitira chinthucho. Mnyamata wazaka 10 angathe kutsogola akuthamanga mapazi ali phwataphwata, mikono ili lende. Kamtsikana kanu kangathe kutsalira koma kakuthamanga bwino kuposa onsewo.

Maluso oyambira a thupi amawagawa patatu. Pali osuntha thupi kuchoka pano kufika apo: kuthamanga, kudumpha ndi miyendo yonse, kudumpha ndi mwendo umodzi, kuyenda cham'mbali. Pali ogwiritsa ntchito chinthu: kuponya, kuwakha, kumenya mpira ndi phazi, kuunjanjitsa pansi, kuumenya ndi ndodo. Ndiye pali kukhazikika: kuima ndi mwendo umodzi osadzandira, kuyenda pamzere, kutembenuka osagwa. Anthu ambiri amaganiza kuti zimenezi zimangobwera zokha mwana akamakula, ngati mano. Kuyenda ndi kuthamanga kumabweradi, koma kuponya bwino ndi kuwakha bwino kumafuna kuonetsedwa ndi kubwereza. Alipo akuluakulu pagulu pano amene mpaka lero mpira amauwakha ndi chifuwa, maso atatsinzina.

Achimwene a Luwinga: Mwayamba kunditchula 😂

NyaGondwe: Sindinatchule dzina achimwene.

Tsono muyeso wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi TGMD, wolembedwa ndi Dale Ulrich wa ku America. Unatuluka koyamba mu 1985, wachiwiri mu 2000, ndipo wachitatu umene ukugwira ntchito pano uli ndi maluso 13, asanu ndi limodzi osuntha thupi, asanu ndi awiri a mpira. Ndi wa ana azaka 3 mpaka 10. Mulibe wotchi yoti wathamanga masekondi angati. Luso lililonse analiphwanya m'tizigawo titatu, tinayi kapena tisanu, ndipo pa kachigawo kalikonse umalemba 1 ngati ukuoneka, 0 ngati sukuoneka. Woyesa amayamba wachita yekha kuti mwana aone, mwana amayeserera, kenaka amachita kawiri pomulembera.

Titenge kuthamanga komweko. Umayang'ana ngati mikono ikusinthana ndi miyendo, zigongono zitapindika. Ngati pali kamphindi koti mapazi onse awiri ali m'mwamba. Ngati akuponda ndi chidendene kapena kutsogolo kwa phazi, osati phazi lonse phwa. Ngati mwendo wakumbuyo ukupindika mpaka chidendene kuyandikira kumatako. Zinayi basi. Pa kuponya kodutsa pamwamba pa phewa: mkono uyambe wapita pansi ndi kumbuyo, thupi litembenuke mpaka mbali yosaponyera iloze komwe mpira ukupita, mwendo umene upite kutsogolo ukhale wosiyana ndi mkono woponyera, ndipo mkono upitirire kutsikira kumbali inayo mpira utachoka. Mwana woponya ndi dzanja lamanja n'kupondanso ndi mwendo wamanja mumamudziwa pomwepo kuti akadali pachiyambi, ngakhale mpira wake utapita patali chifukwa cha mphamvu.

Nabanda: Apa ndiye mwanditsegula maso. Koma mwana mmodzi amatha nthawi yaitali bwanji?

NyaGondwe: Muyeso wonse, mphindi 15 mpaka 20.

Achimwene a Luwinga: Tiwerengere. 112 kuchulukitsa ndi 15 ndi mphindi 1,680. Maola 28. Piriyodi ya madam ndi ya mphindi 30. Ndiye kuti mapiriyodi 56 akuyesa mwana mmodzimmodzi, enawo 111 akukwera mitengo ndi kumenyana. Boma limati mphunzitsi mmodzi ana 60, ngakhale 60 yomweyo sizingatheke. Zimenezi n'za kwa azungu, kumene kalasi ili ndi ana 20 ndi holo yamasewero.

NyaGondwe: Masamu anu ali bwino ndipo sindikutsutsa. Sindinati a Nabanda akagule TGMD. Ndi yodula, imafuna ndodo ya baseball ndi zina zoti kuno mwana sanazionepo, ndipo matebulo ake oyerekezera anawapanga poyesa ana a ku America. Mwana wa ku Mchengautuwa ukamupatsa ndodo ya baseball koyamba n'kumulembera 0, wayesa kuti sanapiteko ku America, osati luso lake. Chimene ndikuti titengeko ndi kapenyedwe kake. Kusiya kufunsa kuti wafika nambala chiyani, n'kumafunsa kuti mwendo uti wapita kutsogolo.

Gogo Wopuma: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poti mwanayo akumutcha nkhono, mwambiwu wagwera pake.

Mlezi wa ku Masasa: Ine ndimalera ana pa sukulu ya mmera mpoyamba, azaka 3 mpaka 5. Mukunenazi ndimaziona tsiku ndi tsiku koma sindinkadziwa kuti zili ndi maina. Mwana wazaka 3 ukamuponyera mpira amatambasula mikono ngati akulandira mtolo wa nkhuni, mpira n'kumugunda pachifuwa, nthawi zina mpaka kutembenuza nkhope. Akamafika zaka 5 ena amayamba kuwakha ndi manja okha. Ena ayi, amapita nazo ku Sitandade 1 choncho. Funso langa, palibe muyeso wathuwathu wa ku Malawi?

Wa Fizio: Ulipo mayi. Dzina lake MDAT, Malawi Developmental Assessment Tool. Anaupanga konkuno Melissa Gladstone ndi anzake, unasindikizidwa mu 2010, ndipo ndi wa ana kuyambira obadwa kumene mpaka zaka 6. Uli ndi zinthu 136 zoyang'ana, m'magawo anayi a zinthu 34: kayendetsedwe ka thupi lonse, luso la manja ndi zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Anaupanga chifukwa chomwe a NyaGondwe anena, kuti miyeso yochokera kunja imafunsa mwana wakumudzi zinthu zoti sanakumane nazo. Pano ukugwiritsidwa ntchito ngakhale m'maiko ena. Koma ntchito yake ndi kupeza mwana amene akuchedwa kukula, si wopangira malikisi a pa lipoti, ndipo ana ambiri a Sitandade 2 aupitirira msinkhu.

Ndiwonjezere mbali yanga. Mukamayang'ana kachitidwe m'malo mwa mpikisano, mudzayamba kuona ana amene mpikisano umawabisa. Wotsalira pa liwiro timangoti ndi waulesi kapena wofooka. Koma mukamuyang'anitsitsa mupeza wina akukoka mwendo umodzi, wina mkono umodzi sukugwedezeka, wina akuyenda chonyang'ama ndi zala nthawi zonse, wina mpira akuuphonya chifukwa sakuuona bwino. Kuno tili ndi ana amene anadwalapo malungo a mu ubongo, ena anavutika pobadwa, ndipo zotsalira zake zimaonekera pabwalo zisanaonekere m'kope. Palinso ana amene alibe matenda ena alionse koma thupi silimvana, amagwagwa, amagwetsa zinthu, kumanga zingwe za nsapato ndi nkhondo. Vuto limenelo madokotala amalitcha DCD ndipo limapezeka mwa ana pafupifupi 5 kapena 6 pa 100 aliwonse a msinkhu wa sukulu. M'kalasi ya 112 musadabwe kupezamo angapo.

Chonde aphunzitsi, inu musamutche mwana dzina la matenda. Lembani zomwe mwaona, itanani kholo, muwauze apite naye kuchipatala. Ku Mzuzu Central kuli a fizio, ndipo a St John of God amathandizanso ana amene akuchedwa kukula.

Amake Mapasa: Zimenezi zandikhudza. Mapasa anga mmodzi ndi wothamanga, winayo ankangogwa paliponse, mawondo zilonda zokhazokha. Kunyumba tinkamuseka, bambo ake ankati watengera kuchimuna kwa amayi ake. Anali mphunzitsi wa Sitandade 1 amene anandiitana n'kunena kuti mayi, mwanayu akamatsika masitepe amayamba wafufuza ndi phazi. Kupita naye kuchipatala, anapeza kuti ndi maso. Pano ali ndi magalasi, fulaye akusewera. Akanangomulembera 1 bwenzi tikumusekabe.

Kochi wa ku Zolozolo: Chabwino, za odwala ndamva. Koma ana abwinobwino asapikisane? Nanga tikawatenga kupita nawo ku Mzuzu Stadium pa masewero a sukulu tikanena kuti ife timathamanga mokongola?

NyaGondwe: Apikisane a Kochi, ana amakonda mpikisano, ngakhale muwaletse akathamangitsana okha pobwerera kunyumba. Ndikukana kuti mpikisanowo ukhale malikisi a mwana wazaka 7. Ndipo inuyo ndi amene mungapindule kwambiri. Ndi atsikana angati amafika kwa inu ku Sitandade 6 akufuna netball koma kuwakha sakutha, n'kungowabweza?

Kochi wa ku Zolozolo: Ambiri. Ndipo akafika msinkhu umenewo amachita manyazi kuphunzira pamaso pa anzawo, amangosiya.

NyaGondwe: Ndi pamenepo. Amene sanaphunzire kuwakha ali ndi zaka 7 amadzichotsa yekha pamasewero ali ndi zaka 12, ndiye inu mumasankha timu mwa otsala okha. Mwawi Kumwenda anachokera ku Mzimba konkuno n'kukasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya netball mu 2015. Sitidziwa ndi angati onga iye amene anabwerera pa chipata chifukwa palibe anawauza kuti tambasula manja, usadikire mpira pachifuwa.

Ankolo Mabizinesi: Moni gulu. Mbatata ya ku Jenda ilipo, thumba lalikulu, ndikubweretserani pakhomo. Inbox.

Admin: Ankolo, malonda ndi Loweruka. Ndachenjeza kachiwiri.

Gogo Wopuma: Tibwerere kwa a Nabanda, poti mpaka pano sitinawapatse chochita Lolemba. Ine maganizo anga ndi awa. Musawaike ana pamzere ngati akudikira jakisoni. Mwana akadziwa kuti akuyesedwa thupi limauma, amene amadumpha bwino kunyumba amayamba kupunthwa. Apatseni masewero awo omwe. Fulaye muli kuponya, kuwakha ndi kuzinda. Jingo muli kudumpha ndi miyendo yonse. Masewero aja ojambula mabokosi pansi, ife tinkati sikweya, muli kudumpha ndi mwendo umodzi ndi kukhazikika. Chipako muli kuthamanga ndi kukhota. Phada ndi wa maso ndi zala. Inu muime pambali ndi kope, muziona.

NyaGondwe: Agogo anena zomwe ndimafuna kufikako. Ndingowonjezera kakonzedwe kake. Teremu ino sankhani maluso atatu okha, tinene kuponya, kuwakha ndi kudumpha ndi mwendo umodzi. Pa luso lililonse lembani zinthu zitatu zoyang'ana pamwamba pa tsamba, maina a ana m'munsi, ndi zaka za mwana pambali pa dzina. Zakazo musaiwale, chifukwa Sitandade 2 yathu imakhala ndi wazaka 6 ndi wazaka 11 pabenchi imodzi. Gawani kalasi m'magulu, lililonse ndi masewero ake ndi mtsogoleri wake mwa ana akuluakulu aja. Inu mukhale pa gulu limodzi lokha, ana 10 kapena 12, luso limodzi. Enawo akusewera, simukuwayesa tsiku limenelo. Mukamayang'ana woponya muime cham'mbali mwake, mbali ya mkono woponyera, osati kutsogolo, apo ayi phazi ndi chiuno simuziona. Ndipo musayang'ane mpira. Aliyense amalakwitsa pamenepa, maso amathamangira komwe mpira wagwera, mwana n'kukhala kuti wamaliza kale.

Za kuwakha: manja ali kutsogolo zigongono zitapindika, mikono ikutambasuka kukakumana ndi mpira, mpira wagwidwa ndi manja okha. Za kudumpha ndi mwendo umodzi: phazi lomwe lili m'mwamba likhale kumbuyo kwa thupi, mikono izithandiza, ndipo adumphe kangapo motsatizana osaponda pansi ndi linalo. Muyeseni miyendo yonse iwiri.

Nabanda: Nanga 4, 3, 2, 1 wa ahedi ndimupeza bwanji?

NyaGondwe: Zitatu zonse zikuoneka kawiri konse, 4. Ziwiri, 3. Chimodzi, 2. Palibe, 1. Ndipo 1 ameneyo pa lipoti amatanthauza kuti mwana akufunika thandizo, ndiye kholo likafunsa muli ndi yankho: mwana wanu akuponda ndi mwendo wolakwika, kunyumba muzimuponyetsa chikulunga pakhoma mwendo wamanzere uli kutsogolo.

Achimwene a Luwinga: Ndikuvutitseninso. Ana 12 pa piriyodi, maluso atatu, ndiye mapiriyodi pafupifupi 30. Expressive yomweyo mukufunika kuphunzitsa nyimbo, kuumba ndi zina. Ndipo muno mu Mzuzu mvula ikayamba sidziwa kuleka, kwina kukauma mu April ife tikadali m'matope, June akafika chifunga ndi kamvula kowaza. Masiku otuluka panja ndi owerengeka.

NyaGondwe: Pamenepo mwandigwira. Atatu pa teremu achuluka. Luso limodzi pa teremu, atatu pa chaka.

Mlezi wa ku Masasa: Kukagwa mvula ife timachitira pakhonde kapena m'kati momwemo. Kuima ndi mwendo umodzi sikufuna bwalo. Kuyenda pamzere wa choko sikufuna bwalo. Mipira timakulunga ya mapepala apulasitiki ndi zingwe, yaing'ono yokwana m'dzanja la mwana, chifukwa mpira waukulu umamukakamiza kuwakha ndi chifuwa ngakhale amene amatha.

Wa Fizio: Mfundo ya kukula kwa mpira ndi yofunika kwambiri. Muyeso ukhale wofanana kwa onse: mpira womwewo, mtunda womwewo, woponya yemweyo. Mukaponyera wina pafupi wina patali, mwayesa mkono wanu. Chinanso, onani nthawi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse, DHS wa 2015-16, anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Ana amenewo ndi omwe amadzakhala m'makalasi mwanumo, ndipo ambiri amabwera m'mimba muli zii. Ngati pasukulu panu pali phala, ayeseni atamwa. Ndipo onani kuphazi. Wina ali ndi nsapato, wina zigogo zokula, wina slipasi yoduka. Pa udzu wopanda minga ndi magalasi, bola onse avule.

Amake Mapasa: Ndi madiresi a yunifolomu. Mtsikana akamadumpha dzanja limodzi limakhala likugwira diresi kuopa anyamata. Mudzalemba kuti mikono sikuthandiza pomwe mwana akudziteteza.

Nabanda: Iii, zimenezo sindinaziganizire n'komwe. Ndiwauza azivala kabudula m'kati tsiku la masewero.

Kochi wa ku Zolozolo: A NyaGondwe, mabuku anu amati anyamata ndiwo amaponya bwino, si choncho?

NyaGondwe: Kafukufuku wa m'maiko ambiri amapeza choncho, kuti anyamata amatsogola pa maluso a mpira, makamaka kuponya ndi kumenya ndi phazi, pomwe pa kudumpha ndi kukhazikika atsikana amafanana nawo kapena kuwaposa. Bwanji?

Kochi wa ku Zolozolo: Chifukwa kuno ine ndimaona zosiyana. Mtsikana wa fulaye akakugenda ndi mpira umamva kuwawa mpaka madzulo. Anyamata anga a mpira wamiyendo ukawauza kuti aponye ndi dzanja amaponya ngati akuthamangitsa nkhuku. Kupatula aja olasa mbalame ndi miyala.

NyaGondwe: Ndiye umboni wake ndi umenewo kuti luso limatsata zomwe mwana amasewera. Ine ndingakonde a Nabanda atatiuza zomwe kope lawo lidzaonetse pa anyamata ndi atsikana, m'malo moti tizingokhulupirira za kunja.

Gogo Wopuma: Chenjezo limodzi mwana wanga. Kope limenelo lisakhale lokaonetsa a PEA, alangizi oyendera sukulu aja, akabwera basi. Ukapeza kuti ana 40 akuponda ndi mwendo wolakwika, phunziro la sabata yotsatira ndi limenelo. Ife kale tinkamanga kansalu pa mwendo woyenera kupita kutsogolo, mwana akaona kansalu amakumbuka. Ukayesa n'kutseka kope, wataya nthawi ya ana yosewera.

Achimwene a Luwinga: Ine ndikadali pa 3 aliyense, koma ndidikira ndione.

Nabanda: Ndabweranso, papita masabata atatu. Ndinasankha kuponya. Tsiku loyamba linali chipwirikiti, magulu anasakanikirana, atsogoleri awiri anamenyana chifukwa cha mpira, ndinangolemba ana 5. Ndipo a NyaGondwe munanena zoona, maso anga ankangothamangira mpira, ndinkachita kumuuza mwana kuti bwereza sindinaone. Tsiku lachiwiri ndinapempha mnzanga wa Sitandade 2B kuti tiphatikize makalasi, iye aziyang'anira magulu ine ndizilemba, kenaka tisinthane. Pamenepo zinayenda. Pano ndalemba ana 58.

Mwa 58 amenewo, 23 akuponda ndi mwendo wa mbali yomweyo ya mkono, kapena osaponda n'komwe, angoima njo n'kukankha mpira kuchokera pachifuwa. A Kochi, pa funso lanu: mwa amene ndawapatsa 4, atsikana ndi 9, anyamata 6. Koma musathamange nazo, ndi kalasi imodzi ndipo sindinamalize. Chinandidabwitsa ndi choti awiri mwa anyamata akuluakulu amene anatsogola pa liwiro paja apeza 2.

Pali kamnyamata kena kamene ndakaika pambali. Dzanja lake lamanzere limakhala lofumbata, silitambasuka ngakhale pothamanga. Chaka chonse ndakhala nako m'kalasi osaona. Ndaitana agogo ake amene amakhala nako, abwera Lachisanu. A Fizio ndikulemberani kumbali kuti mundiuze kalankhulidwe kake, ndisawaopseze.

Wa Fizio: Lembani madam, ndili pa intaneti mpaka 9 koloko.

Amake Mapasa: Nanga kamtsikana kaja?

Nabanda: Kanabwerera kusukulu, ndinapita ndekha kwawo kukapepesa. Pa kuponya kapeza 3. Kamatembenuka bwino, mwendo ndi woyenera, koma mkono kamauimitsa mpira ukangochoka. Ndinakauza kuti kaonetse gulu lake kaimidwe ka mapazi, kanachita manyazi koma kanaonetsa. Dzina la nkhono lija silinatheretu, awiri akumutchabe, ndikulimbana nawo.

Kochi wa ku Zolozolo: Anyamata awiri a 2 aja munditumizire Loweruka ku bwalo, ndikawaongole. Ndi atsikana 9 aja ndikufuna maina awo akafika Sitandade 5.

Nabanda: Muyambe mwapempha makolo awo a Kochi. Pakali pano chomwe ndikusowa ndi mipira, inayi mwa isanu ndi umodzi ija yamasuka kale. Amene ali ndi mapepala a shuga ndi matumba akale asataye, ndidzadutsa kudzatenga ku Katoto Lachitatu ndikaweruka.

Gogo Wopuma: Mudzere kwathu, ndili nawo thumba lonse. Mubwere ndi zingwe, ndikuonetseni kamangidwe koti asamasuke.